Ndiwaphunzitse bwanji algebra ophunzira amene ali ndi ulumali wa mu ubongo?

Choko_wa_ku_Chonde
Ndakulonjerani nonse, aphunzitsi anzanga ndi makolo amene muli pa gulu lino. Ndimaphunzitsa masamu pa sukulu ina ya CDSS kuno ku Mulanje, ndipo m'kalasi mwanga mwa Fomu 1, momwe muli ophunzira 78, muli anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi amene ali ndi ulumali wa mu ubongo. Pamene tinali pa manambala tinkayendera limodzi ndithu, ngakhale mwapang'onopang'ono, koma titangolowa mu algebra, masamu a zilembo aja, ana atatuwa anaima. Ndikalemba x + 3 = 7 pa bolodi, mmodzi amakopera mwaukhondo mpaka kudula mzere ndi rula koma osayankha, wina amalemba 10 chifukwa amangophatikiza manambala amene akuwaona, pamene mtsikanayo amaweramitsa mutu. Sabata yatha iye anandiuza kuti masamu a zilembo ndi a anthu anzeru, ndipo mawu amenewo sakundichoka mumtima. Ku koleji sindinaphunzire za ana aulumali, ndipo pa sukulu pathu palibe mphunzitsi wa ntchito imeneyi. Ndikupempha amene munadutsamo kuti mundiuze poyambira.

Mlimi_wa_Tiyi
Aphunzitsi, mundikhululukire, koma ine ndikuona kuti mukuwavutitsa anawo pachabe. Mwana wa mchemwali wanga ali ndi vuto lomweli, ndipo chimene ife tikufuna ndi chakuti adziwe kuwerenga ndalama, kuona nthawi ndi kulemba dzina lake, kuti anthu asamamubere pa msika wa Limbuli. Kodi x adzamuthandiza chiyani pa moyo wake?

Mayi_wa_ku_Bvumbwe
Bambo a Mlimi_wa_Tiyi, nanenso ndinkaganiza choncho, koma mwana wanga anandisintha maganizo. Iye anadwala malungo aakulu ali ndi zaka 4, anakomoka masiku angapo, ndipo chichokereni kuchipatala amachedwa kugwira zinthu ndiponso amaiwala msanga. Sitandade 8 anaibwereza kawiri. Koma Loweruka ndikapita naye ku msika kukagulitsa tomato, munthu akapereka K2,000 atatenga milu itatu ya K500, mwanayu amawerenga kuchokera pa K1,500 mpaka kufika pa K2,000 n'kupereka tchenji cholondola. Mng'ono wanga amene ndi mphunzitsi anandiuza kuti zimene amachitazo ndi algebra kale, chifukwa akufunafuna nambala yosowa imene ikaphatikizidwa ndi 1,500 ikwanitse 2,000. Ngati mwana akutha kuchita zimenezi pa mulu wa tomato, ndani ali ndi mphamvu yonena kuti pa pepala asayesere n'komwe? Chimene chinandipweteka kwambiri ndi chakuti mphunzitsi wina ankamupatsa tsache kuti azisesa panja nthawi ya masamu, ati pofuna kumupumitsa.

Mlimi_wa_Tiyi
Pepani mayi, nkhani ya tsacheyo ndi yoipa ndipo sindikuivomereza. Komabe funso langa lidakalipo, chifukwa nthawi ya mphunzitsi ndi yochepa ndipo ana ena 75 akudikira.

Wa_ku_Nguludi
Ine ndinaphunzira za ana ovutika kuphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ndipo ndikuphunzitsa mu resource room, chipinda chapadera chothandiziramo ana aulumali, kuno ku Thyolo. A Choko_wa_ku_Chonde, choyamba ndikufunseni kuti anawa anawayeza ndani. Ndikufunsa chifukwa ndaonapo ana ambiri amene amatchedwa aulumali wa mu ubongo pamene vuto lawo ndi khutu losamva bwino, maso osaona pa bolodi, khunyu losalandira mankhwala, kapena kujomba kwa zaka zambiri ku pulayimale. Ulumali wa mu ubongo weniweni umaonekera mbali ziwiri, pa kuphunzira komanso pa zochita za tsiku ndi tsiku monga kudzisamalira ndi kutumika, ndipo umayamba munthu akadali mwana. Mwana amene amalephera masamu okha koma zina zonse akuchita bwino ali ndi vuto lina, ndipo thandizo lake ndi losiyana.

Ngati anayezedwa, musayambe ndi x. Yambani ndi chizindikiro cha =, chifukwa pamenepo ndi pamene pagona vuto la mnyamata wolemba 10 uja. Kuyambira Sitandade 1 ana amazolowera kuti chizindikirochi chimatanthauza kuti tsopano lemba yankho, choncho amatola manambala onse amene awaona n'kuwaphatikiza. Mawa lembani 8 + 4 = □ + 5 ndipo muone kuti ndi angati m'kalasi monse amene alembe 12 m'kabokosimo. Mupeza kuti si atatu anuwo okha.

Ine ndimagwiritsa ntchito sikelo yopanga ndekha. Ndimatenga hang'ala ya zovala, n'kumangirira timabigili tiwiri tofanana uku ndi uku, n'kuipachika pa msomali. Zoyezera zake ndi mabatire akutha a saizi imodzi, chifukwa ndi olemera mofanana ndipo amapezeka paliponse. Sabata yoyamba yonse ana amangoika mabatire 7 mbali imodzi, ndipo mbali inayo 3 ndi 4, kenako 5 ndi 2, mpaka aone ndi maso awo kuti = akunena kuti mbali ziwirizi zikulemera chimodzimodzi. Kenako ndimabisa mabatire 4 m'kathumba ka nsalu, n'kukaika pamodzi ndi mabatire 3 oonekera, mbali inayo 7, ndipo ndimafunsa kuti m'kathumbamo muli angati. Mwana amachotsa batire limodzi uku ndi limodzi uko mpaka kathumba katsale kokha, ndipo akachotsa mbali imodzi yokha sikelo imapendekeka n'kumudzudzula yokha popanda ine kulankhula. Akazolowera timasiya mabatire n'kuyamba kujambula sikeloyo m'kope, kathumba kukhala kabokosi, mabatire kukhala timizere. Chilembo chimabwera pomaliza penipeni, ndipo tsiku loyamba timachilemba pa kathumba pomwepo ndi choko. Njira yochoka pa zogwirika, kupita pa zojambula, kenako pa zizindikiro si yanga ayi, inachokera pa maganizo a Jerome Bruner, ndipo imagwira ntchito kwa mwana aliyense. Kusiyana kwake ndi kwakuti mwana waulumali wa mu ubongo amafunika kukhalitsa pa sitepe iliyonse, ndipo mukamudumphitsa imodzi amabwerera pa kuloweza.

Choko_wa_ku_Chonde
Zikomo kwambiri achemwali. Awiri ali ndi makalata a kuchipatala ndipo anayezedwanso ndi mphunzitsi wa ana aulumali ali ku pulayimale, koma mnyamata wokopera mwaukhondo uja alibe pepala lililonse. Ndikambirana ndi makolo ake kuti akayezetse makutu, chifukwa ndakumbukira kuti amatembenuza mutu ndikamalankhula.

Kalaliki_wa_Sikelo
Ine si mphunzitsi, koma ndakhala zaka zambiri ndikuyeza tiyi ku esiteti, ndipo ndili ndi chenjezo pa sikelo ya hang'alayo. Kathumba kali ndi kulemera kwake, choncho muikenso kathumba kena kopanda kanthu mbali inayo, apo ayi sikelo idzanama pamaso pa ana. Ku ntchito kwathu, munthu akabwera ndi masamba amene wathyola, timachotsera kulemera kwa choikiramo kuti tipeze makilo a tiyi yekha. Ngati sikelo yawerenga 14 ndipo dengu limalemera 2, wothyola aliyense, ngakhale amene sanapite ku sukulu, amadziwa kuti tiyi wake ndi 12, ndipo ukalakwitsa amakuuza pomwepo. Ana a kuno amamva nkhani za makilo kunyumba tsiku lililonse, ndiye mwina mungayambire pamenepo.

Wa_ku_Nguludi
Mwandikonza bwino bambo, kathumba kachiwiriko ndimaikadi koma ndinaiwala kutchula. Chitsanzo chanu cha dengu ndichitenga, chifukwa ndi equation yeniyeni, samu ya mbali ziwiri zofanana, yochokera pakhomo.

Gogo_Masamu
Ana anga, ine ndinaphunzitsa masamu zaka zoposa 30 ndisanapume, ndipo njira yanga inali yachidule. Ndinkawauza kuti nambala ikawoloka mtsinje wa = imasintha chizindikiro, kuphatikiza kumasanduka kuchotsera. Ana ofooka kwambiri ankaloweza zimenezi n'kukhoza JCE. Kwa mwana woiwala msanga, kodi si bwino kumupatsa lamulo limodzi lalifupi kusiyana ndi masabata a mabatire? Ndipo pa like terms, kuphatikiza zilembo zofanana zokhazokha, ndinkati a ndi nanazi, b ndi nthochi, sungaphatikize nanazi ndi nthochi. Ku Mulanje kuno mwana aliyense ankamva.

Namasamu_Luchenza
Agogo, ndikulemekeza zaka zanu, ndipo ambiri a ife tinaphunzira ndi lamulo la kuwolokali, koma ndiloleni nditsutse. Lamuloli limagwira pa x + 3 = 7, koma mwana akakumana ndi 2x = 10 amawolotsa 2 uja n'kulemba 10 − 2, yankho n'kukhala 8, ndipo sangaone kuti walakwitsa chifukwa watsatira zimene anauzidwa. Ndaona cholakwika chimenechi m'makope a Fomu 3 kambirimbiri. Mwana woiwala msanga ndi amene lamulo loloweza limamupweteka kwambiri, chifukwa likangothawa m'mutu alibe pogwira, pamene wa sikelo uja angathe kujambula kabokosi ndi timizere m'mphepete mwa pepala n'kuyambiranso.

Za nanazi ndi nthochi ndi zoopsa kuposa pamenepo. Chilembo sichiimira chipatso, chimaimira nambala. Mukamuuza mwana kuti a ndi nanazi, mawa mukamuuza kuti a = 5 adzadabwa kuti nanazi wasanduka bwanji 5, ndipo ab sadzamumvetsa chifukwa palibe amene anachulukitsapo nanazi ndi nthochi. Ngati tikufuna zipatsozo, tinene kuti a ndi mtengo wa nanazi mmodzi ndipo b ndi mtengo wa phava la nthochi. Pamenepo 3a + 2b ndi ndalama zimene ulipire, ndipo mtengo ukasintha pakati pa Chitakale ndi Blantyre mwana amaona chifukwa chake tikulemba chilembo m'malo mwa nambala.

Gogo_Masamu
Pa 2x = 10 mwanena zoona, ndipo ndikukumbukira kuti ndinkachonga ma 8 ambiri. Koma ndikukaikabe ngati silabasi ingathe ndi liwiro limeneli.

Sapitwa3002
Vuto lalikulu ndi Chingerezi. Mwana akulimbana ndi chilembo, pomwepo akulimbananso ndi mawu ngati solve, simplify ndi expression. Ku sekondale lamulo ndi lakuti tiphunzitse m'Chingerezi, ndipo mabuku a masamu ndi mayeso ake a MANEB ali m'Chingerezi, koma ine ndimafotokoza m'Chichewa kaye. Ena mwa ana athu kunyumba agogo awo amalankhula Chilhomwe, ena amachokera kufupi ndi malire a Muloza komwe anayambira sukulu mbali ya Mozambique m'Chipwitikizi. Tikamanena za ulumali tisaiwale kuti chiyankhulo chokha chingapangitse mwana wabwinobwino kuoneka ngati sakumva kanthu.

Wa_ku_Thekerani
Zimenezo ndi zoona, ndipo onjezanipo za malo ophunzirira. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pali sukulu zimene zinaphatikiza makalasi awiri m'chipinda chimodzi, ndipo nthawi imene anthu ankagona m'makalasi ana anakhala masabata osaphunzira. Mwana wochedwa kugwira zinthu akakhala kunyumba mwezi umodzi amabwerera ngati sanaphunzirepo. Ife kuno nthawi ya mvula ana ena sabwera chifukwa cha mitsinje ndi matope a m'mapirimu.

Mayi_wa_ku_Bvumbwe
Za kuiwalazo ndikuchitira umboni. Holide iliyonse imatibweza m'mbuyo, choncho ndinapempha aphunzitsi kuti azindilembera masamu asanu okha pa kapepala, ndipo timachita imodzi madzulo aliwonse tisanadye nsima, pogwiritsa ntchito nyemba ndi kapu yovundikira.

Namasamu_Luchenza
Tibwerere ku funso la aphunzitsi a ku Chonde, chifukwa iwo akufuna chochita Lolemba. A Wa_ku_Nguludi, inu muli ndi ana ochepa mu resource room. Munthu amene ali ndi ana 78 ndi mphindi 40 achite bwanji?

Wa_ku_Nguludi
Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindinama kuti pali njira yopepuka. Ku America, m'chaka cha 2008, Diane Browder ndi anzake a ku North Carolina anasonyeza kuti ophunzira atatu a ku sekondale amene anali ndi ulumali wa mu ubongo wokulirapo anatha kuphunzira kupeza nambala yosowa mu equation yosavuta, pogwiritsa ntchito zinthu zogwirika ndi masitepe ogawidwa bwino. Koma anali atatu, ndipo anali ndi mphunzitsi pafupi. Chimene tingatengepo ife ndi kagawidwe ka ntchitoko.

Pa x + 3 = 7 ine ndimalemba masitepe pa katoni n'kumata pa desiki ya mwana. Amawerenga samuyo mokweza, amaika mwala pa 3 pa mzere wa manambala, amaika mwala wina pa 7, amawerenga kuti adumpha kangati kuchoka pa mwala woyamba kufika pa wachiwiri, amalemba nambalayo, kenako amaibwezera pamalo pa chilembo kuti aone ngati mbali ziwiri zafanana. Sitepe yomalizayi musaisiye, chifukwa ndi imene imamupatsa mwana mphamvu yodzichonga yekha osadikira cholembera chofiira. Akaima pa sitepe ina, dikirani masekondi asanu muli chete. Aphunzitsi ambiri timalephera pamenepa, timayankha tokha chifukwa cha chifundo kapena changu. Akapanda kuyamba, mukumbutseni ndi mawu, zikakanika mulozereni ndi chala, zikakanikabe muchitireni kuti aone kenako abwereze. Thandizo lizichepa tsiku ndi tsiku. Sungani pepala la mwana aliyense ndipo muzichonga masitepe amene wachita yekha, chifukwa mwana amene dzulo anachita awiri lero n'kuchita anayi wapita patsogolo, ngakhale yankho lomaliza likhale lolakwika.

M'kalasi lalikulu chitani phunziro la sikelo ndi ana onse, pakuti onse akulifuna. Mukapereka ntchito, atatuwa akhale kutsogolo, aliyense ndi mnzake woleza mtima amene mwamuphunzitsa kudikira osati kuuzira, ndipo anzawowo muziwasintha kuti asatope kapena kutsalira. Ena akamachita masamu khumi, awa achite atatu a mutu womwewo ndi manambala ang'onoang'ono. Ngati kuchulukitsa kukuwatchinga, apatseni tebulo la matayimusi kapena calculator, chifukwa chimene mukuphunzitsa tsiku limenelo ndi equation osati matayimusi. Chinthu china chaching'ono ndi chakuti x amafanana ndi chizindikiro cha kuchulukitsa, makamaka pa bolodi lofufutika, choncho yambani ndi n kapena y.

Mlimi_wa_Tiyi
Ndawerenga zonse ndipo ndaphunzirapo, koma ndifunsebe. Pamapeto pake anawa adzalemba JCE yofanana ndi anzawo, momwe muli simultaneous equations ndi zina zovuta. Kodi sitikuwapatsa chiyembekezo chimene chidzawagwetse ulesi?

Ahedi_a_ku_Goliati
Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka. MANEB imakonza mapepala a braille ndi a zilembo zikuluzikulu kwa amene ali ndi vuto la maso, koma mafunso ake ndi omwewo, ndipo kwa mwana waulumali wa mu ubongo phiri lake ndi mafunsowo. Udindo wathu ahedi ndi kulemba zosowa za mwana aliyense pa nthawi yolembetsa mayeso, osati kukumbukira sabata ya mayeso, komanso kudziwitsa ofesi ya maphunziro ya Shire Highlands, imene imayang'anira sukulu za sekondale za Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu. Koma sindivomereza kuti poti mwana mwina sadzakhoza ndiye tisamuphunzitse. Dziko lino linakhazikitsa lamulo la anthu aulumali mu 2012, ndipo mu 2024 linabwera latsopano, ndipo maphunziro ndi ufulu wawo mofanana ndi ana ena. Ine ndimauza makolo zoona, kuti mwana wawo mwina sadzafika pa mutu uliwonse wa silabasi, ndipo timagwirizana zolinga zitatu kapena zinayi za teremu imeneyo n'kuzilemba. Kwa wina cholinga chimakhala equation ya sitepe imodzi, kwa wina kuika nambala m'malo mwa chilembo mu formula, zimene adzazifune akadzapita kukaphunzira ukalipentala kapena utelala. Za ndalama ndi nthawi zimene mukunenazo timaziika m'kati mwa masamu omwewo.

Gogo_Masamu
Pa manambala a negative sikelo ija ithandiza bwanji? Palibe batire lolemera kuchepera pa ziro.

Namasamu_Luchenza
Siithandiza agogo, ndipo pamenepo ndi pamene imathera ntchito. Ine ndimasamukira pa mzere wa manambala wojambula pansi ndi choko, mwana n'kumayenda yekha kutsogolo ndi kumbuyo, komanso pa nkhani ya ngongole ya pa okala. Koma kwa ana atatu amenewa ndingachedwetse ma equation okhala ndi yankho la negative mpaka a manambala wamba atakhazikika.

Mayi_wa_ku_Bvumbwe
Ndiwonjezere pempho limodzi kwa aphunzitsi. Mukawapatsa mabatire ndi miyala, onetsetsani kuti ana ena akugwiritsanso ntchito zomwezo. Wanga ali ndi zaka 17, ndipo tsiku lina anakana kutulutsa nyemba zake m'kalasi chifukwa anzake ankati ndi za ku mkaka. Ndi mnyamata wamkulu, ndipo manyazi amamupweteka kuposa samu yolakwa. Ndalama zoseweretsa ndi risiti ya mu golosale amazilandira bwino chifukwa ndi zinthu za akuluakulu.

Choko_wa_ku_Chonde
Ndabweranso patapita masabata atatu kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Funso la 8 + 4 = □ + 5 ndinalipereka kwa kalasi lonse, ndipo oposa theka analemba 12, choncho sikelo ya hang'ala ndinaipachika kutsogolo kwa onse ndipo palibe amene anaiona ngati ya ana atatu okha. Mnyamata wokopera uja anapezeka kuti khutu lake lakumanzere silimva bwino, ndipo chimusunthireni kumbali imene khutu labwino likuloza kwa ine wayamba kuyankha. Mnyamata wolemba 10 akutha kupeza za m'kathumba ndi mabatire, koma tikangopita pa zojambula amabwerera ku kuphatikiza zonse, ndiye ndamusiya pa mabatire. Mtsikana uja Lachinayi anachita n + 2 = 14 ya dengu la tiyi, masitepe asanu mwa asanu ndi limodzi payekha, ndipo atabwezera 12 pamalo pa n anandiyang'ana n'kunena kuti zafanana. Lolemba lotsatira anali ataiwala poika mwala woyamba, ndipo tinayambiranso. Kudikira masekondi asanu kukundivutabe. Tsopano ndikufuna kulowa mu 2n = 10, ndipo sindikudziwa ngati ndiike timatumba tiwiri pa sikelo nthawi imodzi kapena ndiyambe ndi kugawana.

Wa_ku_Nguludi
Yambani ndi kugawana, aphunzitsi. Mupatseni mtsikanayo mabatire 10 ndi timatumba tiwiri topanda kanthu, agawe yekha mofanana, amange, kenako aike pa sikelo moyang'anizana ndi mabatire ena 10. Akachita zimenezi masiku angapo, mubise ndinu iye asakuona, ndipo mumufunse za m'kathumba kamodzi. Muzimufunsa kuti timatumba tili tingati komanso kuti m'kathumba muli angati, chifukwa ana ambiri amasokoneza 2 wa timatumba ndi nambala ya m'kati. Mnyamata wolemba 10 uja musamuthamangitse, koma yesani kuti azijambula pepala lili pansi pa sikelo pomwepo, batire lililonse akalichotsa afufute kamzere kake. Lolemba lililonse muziyamba ndi samu imodzi ya sabata yatha musanapereke yatsopano.

Kalaliki_wa_Sikelo
Ngati mabatire akuchepa, ine ndili nawo ambiri a mu tochi za alonda amene timangotaya. Ndidzawasiya kwa mnzanga wa kabaza amene amadutsa ku Chonde Lachisanu, mundiuze kumbali kuti awasiye pati.